Faiba si chitsulo: lekani kumata fila pa ming'alu ya makaravani

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi amisiri anzanga a muno mu Chipata, makamaka owongola magalimoto, pamodzi ndi eni makaravani akale amene adzaza m'mbali mwa misewu yathu. Mwezi uno wa Okutobala aliyense amene denga la karavani yake linang'aluka akuthamangira kukagula fila (phala lija lomatira magalimoto) ndi penti mvula isanagwe. Zimene ndikuona ku Kapata ndi m'njira yopita ku Mwami zikundiwawa mumtima, chifukwa anthu akutulutsa ndalama zawo kulipira ntchito yofulumizitsa kuwonongeka kwa katundu wawo.

Ine ndine mmisiri wa faiba (fibreglass). Ntchitoyi ndinaiphunzirira kuchigwa, ku Mfuwe, m'shedi ya kampu ina ya alendo odzaona nyama. Kumeneko tinkakonza maboti owolokera Luangwa, makanope a magalimoto ndi makaravani amene alendo ochokera ku South Africa ankafika nawo ataphwanyika panjira, msewu wochokera kuno usanaikidwe phula. Pano ndinakwera kumtunda, maso ayamba kufooka, koma zala zikadamvabe pamene faiba yadwala.

Makaravani ambiri amene tili nawo kuno, kaya Jurgens kaya Sprite, sakuyendanso. Ena akugulitsiramo tchipisi, ena ndi mometera, ena ndi motumizira ndalama pafoni, ena agona alonda kumafamu. Ambiri a iwo m'mbali ndi aluminiyamu, koma denga lija lonyamuka, chipumi chakutsogolo ndi kumbuyo ndi faiba. Alipo enanso a faiba yokhayokha. Tsono mmisiri wozolowera chitsulo akaona mng'alu, dzanja limathamangira kumene linazolowera: kupala pang'ono, kumata fila, kusalaza, kupopera penti. Pa chitseko cha Corolla zimenezo ndi ntchito yabwino. Pa faiba ndi kumanga bandeji pa chilonda chosatsuka.

Faiba ili ndi zigawo ziwiri. Mkati muli ulusi wagalasi woviikidwa mu resin, mankhwala onanda amene amauma n'kulimba, ndipo mphamvu yonse ili mmenemo. Pamwamba pali gawo losalala lokhala ndi mtundu, limene timalitcha gel coat. Anthu ambiri amaliyesa penti, koma ayi. Kufakitale amayamba kulipopera lomweli m'chikombole, kenako n'kuyala ulusi kumbuyo kwake, ndiye ziwirizi zimagwirana kuyambira tsiku lobadwa. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita basi. Ntchito yake ndi kutchinga dzuwa ndi madzi kuti zisafike pa ulusi. Vuto lake ndi lakuti ndi louma mtima kuposa ulusi uli pansi pakewo: ulusi ukapindika pang'ono umabwerera, pamene gel coat imangothetheka.

Choyamba chimene ndikupempha ndi chakuti tizisiyanitsa kutuwa ndi kung'aluka. Mukapititsa dzanja pa karavani yakale n'kulichotsa litatuwa mbuu, limenelo ndi dzuwa ladya pamwamba pokha. Sipafunika penti. Tsukani ndi sopo, sankhani kamalo kofanana ndi chikhatho, mukwechepo ndi sandipepa yonyowetsa ya 1000 kapena 1200, mupakepo compound yopukutira magalimoto, mupukute mpaka mkono utope. Nthawi zambiri mtundu umadzuka mwiniwake n'kudabwa. Mukamaliza ponseponse pakani wax, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Koma mukaona timadontho takuda kapena maonekedwe a ulusi akuyamba kutulukira, imani pomwepo, gel coat yatha, mukapitiriza mufika pa ulusi.

Ming'alu ndiyo imafuna kuiwerenga musanaigwire, chifukwa uliwonse umanena chimene chinaubala. Pali wina wooneka ngati nyenyezi, timizere tochokera pakati kupita mbali zonse. Umenewo ndi wa kumenyedwa. Kuno kwathu wolakwa wamkulu ndi mango. Timakonda kuimika karavani pansi pa mtengo wa mango pofuna mthunzi, ndiye Novembala ndi Disembala zipatso zimagwera padenga usiku wonse, kuwonjezapo miyala ya anyamata ogenda mango akuweruka kusukulu. Pali ina yoyenda mondondozana pafupi ndi ngodya, pamahinjesi, pazogwirira kapena pamene denga limakhalira likatsitsidwa. Imeneyo ndiyo yoopsa, chifukwa imatanthauza kuti malowo akupindika, pali thabwa lawola kapena bawuti yamasuka pansi pake. Mukhoza kuimata ndi gel coat yabwino chotani, ibweranso, kufikira mutalimbitsa chimene chikugwedezekacho. Ndiye palinso ina yaing'onoing'ono yomwazika denga lonse, yobwera ndi ukalamba ndi kutentha masana n'kuzizira usiku kwa zaka zambiri.

Chida choyezera chili m'thumba mwanu. Tengani kobiri la K1 muzigogoda pang'onopang'ono kuzungulira mng'aluwo, khutu lili pafupi. Pamene pali bwino pamalira kuti ngwe ngwe. Pamene zigawo zalekana kapena madzi alowa pamangoti phu phu. Lembani malirewo ndi pensulo. Mudzaona kuti kawirikawiri malo odwala ndi aakulu kuposa mng'alu umene maso akuona.

Ndikuuzeni za karavani ya mayi wina wogulitsa tchipisi ndi soseji, amene anandiitana chaka chatha madzi atayamba kudonthera m'mafuta. Denga linkaoneka bwino ndithu, loyera, lopakidwa penti yamafuta ija ya zitseko. Nditalowetsa tchizulo pamphepete pa chotupa china, fila inanyamuka chibenthu chonse chachikulu kuposa mbale ya nsima. Pansi pake panali madzi akuda onunkha, ulusi utayera n'kufewa woti n'kuutsina ndi zala, ndipo mng'alu woyamba uja unali pomwepo, wosakhudzidwa n'komwe, utangotalika. Titatsegula siling'i mkati, thabwa logwira denga linkafumbutuka m'manja, nyerere zitamangamo mudzi ndi mazira awo. Mayiwo anangogwira pakamwa n'kuti, “Bambo, koma ndinalipira.” Analipiradi, ndipo osati kamodzi. Ntchito imene ikanatha ndi kakapu kamodzi ka gel coat inasanduka yosintha matabwa, kuyala ulusi watsopano ndi kutseka bizinesi sabata yathunthu.

Sindikunena kuti fila ndi poizoni. Fila ya magalimoto ndi m'bale wake wa resin, imagwira pa faiba, ndipo pa kadzenje kakang'ono kouma bwino, kotsekedwa ndi penti yoyenera, imathandiza. Koma mkati mwake muli ufa umene umamwa madzi, ndiponso ilibe ulusi woti n'kugwira mbali ziwiri za mng'alu. Mukaimata pamwamba pa mng'alu wosatsegula, mng'aluwo umapitiriza kuyenda pansi, umatulukira mu filayo, madzi amalowa, ndipo tsopano alibe potulukira. Choipa kuposa fila ndi silikoni. Amene anayamba kuuza anthu kuti silikoni imatseka chilichonse anatilakwira amisiri tonse. Pamene papita silikoni sipagwiranso resin kapena penti mpaka mutapala mozama, ndipo yokhayo imayamba kusupuka dzuwa likaiwomba miyezi ingapo. Za phula losungunula pamoto ndisanene n'komwe.

Kakonzedwe koyenera si kovuta, kamangofuna kuleza mtima. Mng'alu umayamba watsegulidwa. Tengani kachitsulo kosongoka kapena ka grinder kakang'ono, mutsate mzerewo mpaka kumapeto kwake kwenikweni, mukuukulitsa kuti ukhale ngati chilembo cha V, kutsika mpaka mutafika pa ulusi. Eni ake amachita mantha apa poona mng'alu woonda ngati tsitsi ukusanduka ngalande, koma gel coat singalowe m'malo amene ngakhale nsonga ya singano sikulowa. Mukatsegula yang'anani ulusiwo. Ukakhala wolimba, wooneka ngati uchi wouma, zili bwino. Ukakhala woyera, wothothoka, ndiye kuti nawonso unasweka, ndipo pafunika kupala motsetsereka kuzungulira malowo n'kuyala mat yatsopano, imene ndi nsalu ya ulusi wagalasi. Imene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi ya magalamu 450 pa sikweya mita, ndipo imamwa resin yolemera pafupifupi kawiri ndi theka kuposa kulemera kwake. Idulenidule tizidutswa tosiyana kukula, muzinyowetsa ndi bulashi mochita kudinda osati kupaka, mpaka thovu lonse lituluke ndipo kuyera kuthe. Ngati mungathe kufika kumbuyo kwake, kuchokera mkati mwa karavani, limbitsani kumeneko.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. M'makoma ndi m'denga la makaravani ena muli chofunda choyera chija chopepuka, chofanana ndi chimene amapakiramo TV m'katoni. Resin ya polyester ikachikhudza chimasungunuka mukuona, n'kusiya dzenje. Tchingani kaye ndi tepi kapena kapepala kolimba. Ena amathawira ku resin ina yotchedwa epoxy chifukwa siyisungunula chimenechi ndipo imagwira mwamphamvu, n'zoona, koma dziwani kuti gel coat sigwira bwino pamwamba pa epoxy. Mukasankha epoxy, mwasankhanso kumaliza ndi penti.

Musanayale mat kapena kudzaza gel coat mu mng'alu, malowo aume kaye, ndipo pa kuumitsa mwezi uno ulibe unzake. Siyani potsegula masiku angapo dzuwa lichite ntchito yake. Kenako pukutani ndi acetone pa kansalu koyera. Petulo ndi parafini ayi, zimasiya mafuta.

Tsopano nkhani ya hardener, mankhwala oumitsa resin ndi gel coat, imene ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Timadzi tija toyera timene amakupatsani m'kabotolo kakang'ono dzina lake ndi MEKP, ndipo muyeso wake ndi 1 mpaka 2 pa 100 iliyonse. Kunena kwina, mamililita 100 a gel coat amafuna mamililita 2 kukakhala kozizira, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno 1 kapena 1 ndi theka akwana. Kuchigwa, kumene mwezi uno kumapitirira madigiri 40, tinkasakaniza kusanache bwino, 8 koloko ikamakwana tatsuka kale mabulashi. Muyeso wotere sungatheke ndi diso kapena chitsekerero cha botolo. Gulani sirinji ku famase, ndi yotchipa kuposa botolo la Fanta. Anyamata ambiri amakhulupirira kuti kuthira yambiri ndiye kulimbitsa. Zimene zimachitika ndi zakuti kapu imatentha mpaka kufuka utsi, gel coat imauma bulashi ili m'manja, ndipo imene yafika padenga imakhala yophweka kusweka kuposa yakale ija. Mukachepetsanso osafika 1 pa 100, siuma bwino mpaka kalekale. Sakanizani pang'onopang'ono, kotala la kapu nthawi imodzi, chifukwa muli ndi mphindi 10 kapena 15 zokha isanayambe kugwirana. Gwirani ntchito pamthunzi. M'mwezi wa Juni ndi Julaye zimatembenuka: m'mawa muno mu Chipata kumazizira moti muyenera kudikira dzuwa likwere.

Chinanso chimene ogulitsa sauza anthu: gel coat yeniyeni siuma pamwamba ikakhala pamphepo. Inapangidwira kuumira m'chikombole, mopanda mpweya. Mukaipaka n'kuisiya poyera, mawa mudzaipeza ikunanda, sandipepa ikungodzaza. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kugula yosakaniza kale ndi wax, imene amaitcha flowcoat kapena topcoat, kapena mukadzaza mng'aluwo muphimbepo ndi pulasitiki yosalala kapena selotepu yaikulu ija yomatira makatoni, n'kusalaza ndi chala kuti mpweya utuluke. Dzazani mopitirira pang'ono chifukwa imatsika ikamauma. Mawa lake chotsani tepiyo, kulungani sandipepa pa kathabwa kosalala, muyambe ndi 400, kenako 600, 800, mpaka 1200, zonse ndi madzi, n'kumalizira compound ndi wax. Kathabwako musakanyoze. Chala chokha chimakumba gel coat yakale ya m'mbali n'kusiya chigamba chili chotumphuka.

Za mtundu tiziuza eni ake zoona ntchito isanayambe. Kuyera kwa karavani ya zaka 30 si kuyera kwa m'chitini. Yakaleyo inapita kuchikasu, ndipo chigamba chidzaoneka, ngakhale mutadonthezamo pigment yosinthira mtundu mosamala bwanji. Ine ndimati padenga zilibe kanthu, amene amaliona ndi akhwangwala. Pachipumi ndiye timayesetsa.

Denga likakhala kuti lang'alukang'aluka paliponse, kutsata mng'alu umodziumodzi n'kutaya nthawi. Pamenepo palani lonse ndi sandipepa yokhakhala ya 80 mpaka ming'aluyo ithe, konzani pofooka, kenako pakani flowcoat ndi rola, kapena primer ya epoxy ndi penti ya 2K, yosakaniza ndi hardener yakeyake. Penti ya 2K ndi yabwino koma mpweya wake umawononga mapapo, osaipopera wopanda chotchinga kumphuno choyenera. Ndipo denga likhale loyera. Ndikuona ambiri akupaka karavani yonse yofiira, yachikasu kapena yobiriwira kutsatira mitundu ya malonda awo. M'mbali pakani mmene mufunira, koma mtundu wakuda mtima padenga umamwa kutentha, faiba imavutika, ndipo mtsikana amene mwamulemba ntchito mkatimo ndiye amapsa tsiku lonse.

Amene ndalama sizinakwane chaka chino, musalole kumatidwa fila pofuna kungoona kuti mwachitapo kanthu. Tsukani, umitsani, matani tepi ya aluminiyamu pa ming'alu, kwezani mbali imodzi ya karavani pang'ono kuti madzi asamaime padenga, ndipo ngati muphimba ndi tenti siyani mpata woti mphepo izidutsa pansi pake. Tepi imachoka mosavuta mu Meyi, ndipo mmisiri adzapeza malo oyera oyambirapo.

Ndisaiwale za ngozi, chifukwa mankhwalawa si oseweretsa. Hardener ikalowa m'diso ikhoza kulichititsa khungu. Tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 ndipo thamangani kuchipatala, osadikira kuti muone ngati kuwawa kuleke. Imaoneka ngati madzi akumwa, ndiye kuisunga m'botolo la zakumwa pakhomo pamene pali ana ndi kuitana maliro. Palinso mankhwala ena ofiirira otchedwa accelerator, ofulumizitsa kuuma kwa resin. Amenewo asakumane ndi hardener pawiriwiri, amabuka moto. Resin yambiri yogulitsidwa masiku ano imabwera atathiramo kale, choncho funsani musanawonjezere. Acetone nayo imagwira moto ili patali, ndiye mbaula ndi chitofu cha tchipisi zizime kaye, ndipo wosuta fodya akasutire kutsidya kwa msewu. Fumbi la faiba limayabwa usiku wonse, komanso limalowa m'chifuwa. Kumanga kansalu pamphuno sikokwanira. Mukaweruka sambani madzi ozizira, ndipo zovala zantchito musazichapire pamodzi ndi za ana.

Kwa eni mashopu a hardware ndili ndi dandaulo. Katunduyu amachokera kutali, ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kapena ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Resin ndi gel coat sizikhalitsa, moyo wake ndi wa miyezi, makamaka kotentha. Koma m'mashopu ena timazipeza zitathiridwa m'mabotolo opanda dzina, opanda tsiku, zitaikidwa pawindo pamene dzuwa likuwomba. Munthu amagula, amakasakaniza bwinobwino, osauma, kapena amapeza mabuluma pansi pa botolo, ndiye mlandu umagwera mmisiri. Lembani pabotolo chimene chilimo, tsiku limene mwathira, ndiponso ngati ili ndi wax kapena ayi. Sungani pamthunzi. Gulitsaninso tochepa, kotala la lita, chifukwa wokonza ming'alu itatu alibe chochita ndi malita asanu. Ndipo munthu akabwera kudzagula resin yoti akamatire thanki yamadzi yobiriwira kapena yakuda ija, muuzeni kuti imeneyo ndi pulasitiki, si faiba, resin sigwirapo. Mwezi uliwonse ndimabweza anthu otere atagula kale.

Pomaliza ndikupempha a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi masukulu ophunzitsa ntchito zamanja m'chigawo chathu chino cha Kummawa kuti aganizirepo zoika kakosi kakafupi ka faiba pambali pa maphunziro owongola ndi kupenta magalimoto. Ntchito ilipo. Makanope a magalimoto a mabungwe ndi a alimi a fodya ndi faiba, mabasi akuluakulu opita ku Lusaka kutsogolo ndi kumbuyo kwake ambiri ndi faiba, maboti a kuchigwa nawonso, osanena za makaravaniwa kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kale kugwira sandipepa safuna zaka kuti aphunzire kuwerenga mng'alu ndi kuyeza hardener, masabata ochepa akwana. Ife amene tinaphunzira kale tatsala owerengeka ndipo tikukalamba. Ngati alipo mphunzitsi amene angafune kuti ndikaonetse ana ake Loweruka lina, rola ndi masirinji ndili nazo, denga long'aluka loti tiphunzirirepo silingasowe, ndipo keyala yanga ndaisiya kwa akonzi.

Ine wanu wowerenga,
Mmisiri wa faiba,
Kapata, Chipata